Kalongonda pa Golo

A Silvesta, kochi wa timu ya anyamata ya Mphezi kufupi ndi Mbombwe, ankanyadira chinthu chimodzi chokha, chakuti iwo sakondera, ndipo Lolemba anachotsa Kalisto mu timu akudziwa bwino kuti bwalo lomwe amasewererapo ndi munda wa amayi ake a mwanayo. Lachinayi m'mawa atafika ndi ndowa ya phulusa kudzalemba malire a bwalo pokonzekera mpira wa Loweruka ndi anyamata a ku Njuli, anapeza a Nabanda, amayi ake a Kalisto, ali chiweramire ndi khasu pamalo omenyera penate.

"Mwadzuka bwanji a Kochi?" anatero a Nabanda, khasu osaliimitsa.

"Mayi, ichi n'chiyani?"

"Mzere. Uwu ndi wa twente-wanu."

"Ndikuona kuti ndi mzere. Ndikufunsa kuti ukutani pa penate."

"Ukudikira mvula."

A Silvesta anatsitsa ndowa, nkukoka wezulo yomwe inkalendewera pakhosi ngati mendulo. Makolo okwiya anawazolowera, ndipo mayankho ake ankayenda nawo m'thumba.

"Ndamva. Mwakwiya chifukwa cha Kalisto."

"Ine? Ayi ndithu. Ndimafuna ndibwere kudzakuthokozani, koma ntchitoyi."

"Kundithokoza?"

"Zaka zitatu ndimayesa ndili ndi katswiri m'nyumba. Inu mwandiuza zoona, kuti mpira ukalowera kum'mawa iye amathamangira kumadzulo. Koma khasu ndiye saliphonya. Mizere fifitini iyo ndi yake, analima dzulo atachoka kusukulu."

"Sanadandaule?"

"Analirako, chakudya anakana. Koma akuti munamulimbitsa mtima. Munati usadandaule, uzilimbikira kunyumba, chaka chamawa tidzakuonanso."

"Ndinaterodi. Ndi mawu abwino amenewo," anatero a Silvesta akutukumula chifuwa. "Koma mudziwe kuti ine sindiopsezedwa. Malo mu timu ndi sikisitini, anyamata anali seventini. Ngakhale mulime mpaka pakati pa bwalo, Kalisto sabwerera."

"Pakati tifika mawa. Lero dzuwa lachita kunyanya."

"Mayi, mukundimva?"

"Ndikumva. Sabwerera. N'chifukwa chake ndikulima. Munda uno ndinaupereka kuti mwana azikhala ndi chochita masana. Tsopano masana ali nawo, munda ulipo, mbewu ya boma ya sitata paki ndalandira. Mukanakhala inu mukanatani?"

A Silvesta anali atatha masabata awiri akubwebweta pa Njuli kuti Loweruka kukhala maliro a mpira. Bwalo lina kunalibe. La kusukulu anamangapo zisakasa zophunziriramo chiyambire sukulu yaulere, ndipo kuno kwathu malo athyathyathya ongokhala opanda phesi la chimanga mungawafune mpaka nsapato kutha.

"Chabwino," anatero motsitsa mawu. "Poti ndinu kholo, azibwera. Azikhala pa benchi."

"Kukhala basi?"

"Atavala yunifomu."

"Mpando kunyumba ulipo. Komanso benchi lanu lija ndi chipika changa, ndawazako nkhuni dzulo."

A Silvesta anacheuka. Pomwe pankakhala benchi panali zibanthu zokhazokha. Anathamangira ku golo nkukumbatira mtengo umodzi.

"Magolo okha musakhudze. Bulugamu uyu ndinadula ndekha."

"Sindizula, musaope. Ndibzalapo kalongonda. Akwera bwino pamenepo, ndipo nsungwi yapamwambayo munamanga molimba, Mulungu akudalitseni."

"Kalongonda pa golo?"

"Mpira sunkalowamo kawirikawiri kumbali inoyi. Kapena ndibzale kumene mumagoletsedwa kuja?"

"Mphindi teni," anatero a Silvesta akupukuta thukuta ndi chipewa. "Loweruka alowa mphindi teni zomalizira."

"Mutawina kale kapena mutaluza kale?"

"Zimenezo zilibe ntchito."

"Ndikufunsa kuti ndidziwe nthawi. Kuluza mumayamba msanga, ndiye akhoza kulowa anthu asanakhale n'komwe pansi."

A Nabanda analavulira m'manja, nkuyamba mzere wa twente-thu. Dothi linagwera pa nsapato za a Kochi. Iwo anayang'ana mizere, anayang'ana msewu wochokera ku Njuli, ndipo m'maganizo anaona kale matola atadzaza anyamata ndi ng'oma, akutsika nkupeza munda. Chilungamo chomwe anachinyamula zaka zitatu chinayamba kuwalemera.

"Mwapambana mayi," anatero monong'ona, akuyang'ana uku ndi uku. "Ayamba nawo. Nambala naini. Ukapiteni ndimupatsanso. Ingofafanizani mizereyi."

Kwa nthawi yoyamba a Nabanda anaimika khasu.

"Munati malo ndi sikisitini. Atuluke ndani?"

"Tiona. Mwina Lloyd."

"Lloyd wa a Margret? Uja amagoletsa yekha mu timu yonse?"

"Ali ndi mwano."

"Alibe mwano, alibe munda. A Kochi, kumeneko ndi kukondera. Inu simutero, mudzi wonse ukudziwa. Musadziipitsire mbiri chifukwa cha ine."

Mawuwo anawapweteka a Silvesta kuposa kugoletsedwa faifi, chifukwa anali awo omwe.

"Nanga mukufuna chiyani kwenikweni?"

"Palibe. Ndangotengera nzeru zanu. Lolemba munaima apa, munati malo ndi ochepa, amene sakubweretsa kanthu apereke mpata kwa anzake. Ine ndinali uko ndi mtolo wa nkhuni, ndinamva, ndinati koma abambo awa ndi ophunzira. Minda ndili nayo iwiri. Wakudambo chaka chilichonse umandipatsa chimanga ndi nandolo. Uno mwakhalapo inu zaka zitatu. Mwawina kangati?"

"Kawiri."

"Kamodzi a ku Mikolongwe sanabwere, galimoto inawafera panjira."

"Kuwina ndi kuwina."

"Nandolo sanaluzepo."

"Mayi, mpira si mbewu. Timu imafuna nthawi, imafuna kuilezera mtima. Ena amachedwa kupsa."

"Kalisto naye anatero Lolemba. Munamuyankha chiyani?"

Wezulo ya a Silvesta inangolendewera.

A Nabanda ananyamula ndowa ya phulusa, nkuliwaza bwinobwino m'tsinde mwa golo kuti chiswe chisadye mitengo kalongonda asanakwere. Kenako anabweza ndowayo m'manja mwa mwini wake, nkuwayang'ana ndi chifundo chenicheni.

"Musadandaule a Kochi," anatero. "Muzilimbikira kunyumba. Chaka chamawa tidzakuonaninso."