Kampango Amene Ndinakana Kudula

Chaka chimene adada anga anagona pamphasa ndi matenda, ine ndisanakwatire agogo anu aakazi, kuno ku Misuku nsomba yaiwisi tinkangoimva m'nkhani. Lero iwe Lusubilo wangoimba foni m'mawa, ndipo wanjinga yamoto wakwera nayo phiri lonseli, iyo apo ili m'beseni, koma ife tinkadziwa usipa wouma basi, wofika utasweka ngati mankhusu. Musaleke kusankha khofiyo, kumva sikufuna manja.

Adada anagwirako ntchito kunyanja ali mnyamata, ndipo chakudya chitayamba kuwakana, ankangotchula kampango, amvekere atalawako msuzi wake mwina kukhosi kungatseguke. Ine pokhala mwana woyamba ndinatsika wapansi kupita ku Kaporo, ulendo wa masiku awiri, koma nditafika ndinapeza asodzi akutulutsa tinsomba ting'onoting'ono tokhatokha. Bambo wina wachingonde, a Mwakalinga, amene anali ndi ngalawa ya thanga yonyamulira mpunga ku Karonga, atamva nkhani yanga anati ndikwere nawo ndikawathandize kutsitsa matumba, mwina mwayi ungapezeke m'njira.

Tinalimo anthu anayi: ine, a Mwakalinga ndi anyamata ena awiri. Pobwerera anandipatsa chingwe cha mbedza chimene ankachikoka kumbuyo kwa ngalawa, akundiseka kuti munthu wakumapiri alibe ntchito ina pamadzi kupatula kusanza, ndipo sankanama. Dzuwa lili pamutu mphepo inaleka, thanga n'kulendewera, ngalawa n'kumangokwawa, nyambo ija n'kumira pansi kwambiri. Pamenepo chingwe chinandikoka mwamphamvu moti ndinagwada. Ndinayamba kuchikulunga padzanja monga tichitira ndi ng'ombe yokana goli, koma a Mwakalinga anandimenya pamkono, nati ndizichilekerera nsomba ikamathawa, ndizikoka ikatopa, apo ayi ndikagona nayo pansi pa nyanja. Tinalimbana nthawi yaitali, zikhatho zikuchucha magazi, chipsera chake ndi ichi mukuchionachi, mpaka anzanga awiri aja anaigwira m'makha n'kuiponya m'ngalawa. Anali kampango, adzukulu anga, wotalika kuchokera pansi kufika m'chiuno mwangamu.

Tsono anthu aja anali ndi mwambo wawo. Nsomba yaikulu ikagwidwa m'ngalawa, ankaidula kuti aliyense apite ndi gawo kwawo, woigwira n'kutenga mutu ndi mnofu wapakati, ndipo akafika kumtunda ankaiwamba tsiku lomwelo. A Mwakalinga atasolola mpeni, ine ndinaigonera nsomba ija. Ndinati ndi ya adada, ipita yathunthu. Pakamwa ndinkatchula adada, koma lero ndakalamba, ndinene zoona: ndinkafuna Misuku yonse indione nditaisenza paphewa. Komanso ndinkaganiza za kwathu kozizira kuno, kumene mwendo wa mbuzi umalendewera kudenga masiku atatu osasintha fungo.

"Mwana wanga, kuno si kwanu," anatero a Mwakalinga akubweza mpeni. "Dzuwa lathu silisungira munthu chinthu."

Anzanga awiri aja, amene anaitulutsa m'madzi ndi manja awo, anangoyang'ana kumbali. Titafika ku Kaporo, ndikuikulunga m'masamba a nthochi, akazi a Mwakalinga anandiikira kamtolo m'thumba, nati ndi kamba wa panjira. Sindinakamasule n'komwe, mtima wonse unali pa chinsomba changa.

Madzulo amenewo ndinayenda ngati mfumu, anthu akundiimitsa kuti aone mchira. M'mawa mwake ntchentche zinayamba kundiperekeza. Pofika masana, amene ndinkakumana nawo ankapatuka m'njira atagwira mphuno, ndipo ine ndinkangofulumira, ndikudzinamiza kuti mphepo ya m'phiri ikonza zinthu. Paja amati mawu a akuluakulu amakoma akagonera, koma nsomba siitero. Tsiku lachitatu ndikulowa pabwalo, mnofu unali ukuyoyoka wokha, ndipo amayi atangotsegula masamba aja anangokhala pansi.

Adada anati ndiibweretse pakhomo aione. Anaiyang'ana nthawi yaitali, kuyambira kundevu mpaka kumchira, nati pa zaka zawo zonse kunyanja sanagwirepo yotere. Kenako anafunsa kuti m'ngalawa tinalimo angati. Ndinayankha kuti anayi.

"Nanga atatu enawo, ana awo anadya chiyani tsiku limenelo?"

Manyazi a tsiku limenelo ndimawamvabe mpaka lero, kuposa ululu wa chingwe chija. Ndinakaikwirira nsomba yanga kumunda wa nthochi, ndipo pobwera ndinapeza amayi atamasula kamtolo kaja. Munali zidutswa ziwiri za kampango wowamba bwino, zochokera m'nyumba ya munthu amene ndinamumana. Anaziphika, ndipo adada anamwa msuzi wonse, nadyako ndi mnofu, koyamba patapita milungu yambiri. Atamaliza anandiuza kuti ndikadzatsikanso, ndikanene kwa bambo ameneyo ndi mkazi wake kuti yewo, zikomo wa kumpoto kuno.

Adada anamwalira mvula isanagwe. Titakolola ndinasenza nyemba kupita ku Kaporo, koma anandiuza kuti a Mwakalinga anasamukira kutsidya kwa nyanja ndi banja lonse, ndipo palibe ankadziwa mudzi wake. Yewo ameneyo ndakalamba naye m'kamwa.

Inu a lero muli ndi misewu ndi madzi oundana, nsomba siikuwolerani m'njira, koma mtima wofuna kuonekera ndi chinthu chathunthu sunasinthe, ndimauona. Sindikukudzudzulani ayi, inenso ndinali choncho. Koma iwe Lusubilo, usanaiike pamoto nsombayo, tenga mpeni uduleko chapakatipo. Wanjinga uja sanapite patali, ndikumumva akucheza pagolosale, ndipo nayenso ali ndi ana kwawo.