Tsiku Limene Moto Unatithamangitsira pa Nyanja ya Mchere

Abale ndi alongo mwa Ambuye, inu a kuno ku Perth ndi inu amene mukuwerenga muli kumudzi, landirani moni wanga m'dzina la Yesu. Ine ndine Mayi Nachisale, namwino. Ambiri mwakhala mukundifunsa za zipsera zili pakhosi ndi pamkono pangapa, ndipo ndakhala ndikungoyankha kuti ndi nkhani yaitali. Lero ndati ndiifotokoze, chifukwa kubisa zimene Mulungu wachita n'kumubera ulemerero wake. Ndinatsala pang'ono kupsa wamoyo m'munda wa tirigu, ndipo motowo usanabwere ndinali nditakanyangidwa kale pakhosi ndi munthu ndili pantchito.

Viza yanga inkafuna kuti ndiyambe ndagwira ntchito kumidzi. Choncho bambo a kunyumba ndi ana athu awiri anatsala ku Girrawheen kuno ku Perth, ine n'kupita ku katauni kena ka kum'mawa, ulendo wa maola angapo kuchokera ku Midland, kumalire kwa mzinda wa Perth. Amene simunafikeko, dziko lake ndi lachilendo. Mukangotsika mapiri, mitengo imayamba kuchepa, nthaka n'kuyala ngati mphasa mpaka kumene maso alekezera. Munda umodzi wa tirigu ukhoza kumeza mudzi wathu wonse wa ku Dowa, ndi manda omwe. Mtsinje woyenda madzi simuuona, madzi akumwa amabwera m'chipaipi chotsata msewu. M'malo otsika muli nyanja zouma, zoyera mbee ndi mchere, zosamera ngakhale udzu. Katauni kathuko kanali ndi msewu umodzi, sitolo, bala, sukulu ya ana owerengeka, kachipatala kathu, ndi nkhokwe zazitali za tirigu m'mbali mwa njanji. Moyo wa aliyense unkadalira mvula ya m'nyengo yozizira. Ikagwa bwino, ngakhale wa sitolo ankamwetulira. Ikakanika, achinyamata ankathawira ku migodi, mafamu n'kumagulidwa ndi oyandikana nawo, nyumba n'kumatsekedwa imodzi imodzi.

Chaka changa chachiwiri mvula inakanika. Tirigu sanafike ndi m'mawondo momwe, madamu a ziweto anauma, ndipo mtengo wa nkhosa unagwa moti kuzinyamula kupita nazo kumsika kunali kungoluza. Alimi ena anayamba kuziwombera n'kumazikwirira m'maenje.

Mwa odwala amene ndinkawayendera m'makomo munali Mayi Joan, nkhalamba ya matenda a shuga, imene inali ndi chilonda chosapola kuphazi. Ankakhala pafamu ndi mwana wawo, a Keith, bambo wamkulu thupi, wosakonda kulankhula, amene mkazi anawasiya kalekale. Tsiku lina ndinafika pafamupo mfuti ikulira kuseri kwa khola. Inalira osalekeza nthawi yonse imene ndinkatsuka chilonda. Mayi Joan ankangoyang'ana kudenga, kenako anandiuza kuti nkhosa zikuphedwazo ndi mtundu umene malemu amuna awo anayamba kuweta ali mnyamata. Chilonda chinali chitayamba kuda, ndiye ndinawauza mosabisa kuti akufunika kukagonekedwa ku Perth, apo ayi phazi lidzadulidwa.

A Keith analowa ndili pakati pa mawu amenewo, malaya ali magazi okhaokha, akununkha mowa dzuwa lili paliwombo. Atamva za ku Perth nkhope inasintha. Anati nanenso ndabwera kudzawalanda chimene chatsala. Ndisanayankhe anandigwira pakhosi n'kundikankhira kukhoma, mutu wanga n'kuwomba chitseko. Anandifinya mpaka m'maso munachita mdima. Ndinkangomva patali Mayi Joan akulira, akumenya tebulo ndi ndodo yawo. Atanditaya ndinagwa, n'kukwawa mpaka pakhonde. Anandiponyera chikwama changa cha mankhwala pamodzi ndi mawu onyoza khungu langa, amene sindingawalembe pano.

Ndinakanena kupolisi ndi kwa akuluakulu a ntchito. A Keith analetsedwa kundiyandikira, nkhani n'kumadikira khoti. Koma m'tauni yaing'ono mulibe chinsinsi. Ena m'sitolo anasiya kundipatsa moni, ankati munthu ali kale pamavuto ine ndikumuonjezera. Ndinapempha kuti andisamutse, yankho osabwera. Bambo aliyense wachipewa akaima kumbuyo kwanga, ndinkachokapo msanga. Bambo a kunyumba anati ndingosiya ndibwerere, koma ndikasiya viza ya banja lonse ikanagwa, ana n'kuchotsedwa pasukulu. Ndinasala kudya, ndinalira, ndinapempha Mulungu chinthu chimodzi: andichotsere munthu ameneyu pamoyo wanga, ndisadzamuonenso. Kumwamba kunali zii. Ndinafika pomuuza Mulungu kuti wanditaya kuchipululu n'kundiiwala.

Mu Disembala, nthawi yokolola, namwino mnzanga amene ankawayendera Mayi Joan m'malo mwanga anaperekeza wodwala pa ambulansi, ndipo bandeji ya Mayi Joan inali yoti isinthidwe tsiku lomwelo. Iwo anali atakana kupita ku Perth, tinkangolimbana ndi chilondacho pakhomo. Akuntchito ananditsimikizira kuti a Keith ali kumunda wakutali, akukolola katirigu kochepa kamene kanapulumuka. Ndinapita mtima uli m'mwamba. Kunkatentha koopsa, mphepo ikuchokera kumpoto ngati ikutuluka mu uvuni.

Ndikumaliza kumanga bandeji, kuwala kwa m'chipindamo kunasanduka kofiira. Nditatuluka pakhonde ndinaona utsi utaima ngati phiri, pansi pake pali mzere wa moto wotalika kuposa kumene ndikanatha kuona. Ndinamva pambuyo pake kuti chimakina chokololera chinakhula mwala n'kuthetheka. Abale anga, moto wa lupsa umene timaudziwa kwathu si kanthu. Uwu unkathamanga m'tirigu wouma ngati galimoto, ukulira ngati sitima. Foni yanga inalibe netiweki, ya m'nyumba inali itazima pamodzi ndi magetsi.

Mayi Joan sankatha kuyenda. Ndinatulutsa chitenje m'chikwama, ndinawabereka kumsana ngati khanda, n'kukawagoneka kumpando wakumbuyo. Ndinaliza galimoto kulowera kumsewu waukulu, koma utsi unatipeza tisanapite patali. Sindinkaonanso kutsogolo. M'utsimo munkatulukira nkhosa zikuthamanga ubweya ukuyaka, ndi akangaru akudziwombetsa pa waya wa mpanda, kugwa, kudzukanso, kudziwombetsanso. Nkhosa ina yoyaka inalowa kumateyala, ndinakhotetsa mwadzidzidzi, galimoto n'kugwera m'ngalande chopendekeka. Chitseko changa chinapanikizika ndi dothi, chinacho sindikanachifikira chifukwa lamba anali atandimanga. Magalasi anayamba kutentha osagwirika, fungo la labala wopsa linadzaza m'galimoto. Ndinagwera pachiwongolero ndikukuwa m'Chichewa, kuitana dzina la Yesu ndi maina a ana anga. Mayi Joan anatambasula dzanja n'kundigwira paphewa.

Kenako galasi la mbali ya kumtunda linaphulika. Chitsulo chinalowa n'kuswa zotsalira, mpeni unadula lamba, dzanja lalikulu linandigwira pakolala ya yunifomu. Nditakweza maso ndinaona nkhope ya a Keith, yakuda ndi mwaye. Ndikuuzeni zoona, sindinaganize za chipulumutso. Ndinaganiza kuti abwera kudzamaliza zimene anayamba. Ndinawamenya, ndinawaluma dzanja mpaka ndinamva magazi m'kamwa. Sanandisiye. Anandikoka kudzera pazenera, magalasi akung'amba mkono wanga, n'kundiponya kumbuyo kwa pikapu yawo pafupi ndi thanki ya madzi. Anandithira madzi ndi paipi thupi lonse n'kubwerera. Apo n'kuti udzu wa pansi pa galimoto yanga utagwira kale. Anamira m'zenera lija mpaka m'chiuno, moto ukuwanyambita, n'kutuluka atanyamula mayi awo paphewa, manja a malaya akuyaka. Chidutswa cha pulasitiki choyaka chinauluka n'kundimata pakhosi. Ndinachichotsa ndi khungu lomwe.

Sanalowere kumsewu. Anadula pakati pa munda, akugumula mipanda, mawaya akulira n'kumaduka, ine ndikuponyedwa uku ndi uku kumbuyoko nditagwiritsitsa chitsulo cha thanki. Moto unali kumanzere ndi kumbuyo kwathu. Mwadzidzidzi pansi panayera. Tinali titalowa pa nyanja ya mchere. Pikapu inayenda pang'ono, mchere wapamwamba n'kusweka, mateyala n'kumira m'matope. A Keith ananyamulanso mayi awo n'kumayenda chapakati, ine ndikuwatsatira mopunthwapunthwa, mpaka tonse tinagwa n'kugona chafufumimba.

Moto unafika m'mphepete mwa nyanjayo n'kuzungulira mbali zonse, ukubangula, koma pamcherepo panalibe choti udye. Makala ankatigwera ngati matalala, mbalame zinkagwa pafupi nafe zitafa. Mchere unkalowa m'mabala anga ngati singano. Malo amene ndinkawadutsa masiku onse ndikuti ndi dziko lotembereredwa, losabala kanthu, ndi amene Ambuye anatisungirapo.

Utsi utayamba kuchepa ndinaona mikono ya a Keith. Khungu linkalendewera ngati makoko a mbatata yophika, ndipo anali atayamba kunjenjemera thupi lonse. Ndinabwerera kupikapu, ndinatunga madzi otsala m'thanki ndi ndowa, n'kudzagwada patsogolo pawo. Chichitikire zija, aka kanali koyamba kuwayandikira mwa kufuna kwanga. Anandiyang'ana pakhosi, n'kuweramitsa mutu.

"Musandigwire ngati simukufuna," anatero. "Ndimvetsa."

"Tambasulani manja," ndinayankha.

Ndinawathira madzi pang'onopang'ono mpaka ndowa inauma, ndinang'amba chitenje chija, chimene chinali chidakali pathupi pa Mayi Joan, n'kuwafunditsa mikono. Bambo wamkuluyo analira ngati mwana, mayi awo atawagwira mwendo. Chakumadzulo alimi anzawo ozimitsa moto anatiwona pamchere paja. Akutinyamula kupita kumene ndege ya madokotala inkadikira, ndinamvanso mfuti zikulira m'minda yakuda bii. Anali anthu akupha nkhosa zopsa zimene zinali zikupumabe. Nyumba ya Mayi Joan inali itatsala chumuni chokha.

Ndinakhala m'chipatala kuno ku Perth milungu ingapo, madokotala anandichotsa khungu pantchafu n'kuika pakhosi. Amayi a mumpingo, inu mukudzidziwa, munandisamalira ana, munaphikira bambo a kunyumba, munandisambitsa pamene sindinkatha kukweza mkono. Mulungu akubwezereni. Akuluakulu a ntchito anandipezera malo kuno, ndipo nkhani ya viza inatheka popanda kubwerera kumidzi kuja. Tsopano ndimagona nyumba imodzi ndi ana anga.

Sikuti zonse zinatha bwino. Phazi la Mayi Joan linadulidwa ndithu, ndipo akukhala kunyumba yosamalira okalamba ku Midland. Zala za a Keith sizipindikanso, famu anagulitsa kwa oyandikana nawo, banja linanso n'kuchoka m'katauni kaja. Mlandu wa kukhoti sindinauthetse. Ndinakaima n'kunena zonse ziwiri, za dzanja limene linandifinya ndi za dzanja limene linandikoka pamoto, ndipo a Keith anavomera kulakwa osatsutsa kalikonse. Alongo anga, wina akakumenyani, kaya ndi pantchito kaya m'nyumba, kanenani. Kukhululuka si kubisa.

Chinthu chimodzi chinkandizunguza mutu: m'utsi wosaona ngakhale dzanja lako, a Keith anatipeza bwanji m'ngalande muja? Ndinawafunsa tsiku lina nditakumana nawo kwa mayi awo ku Midland. Anati ankathamangira kunyumba ndipo anali atatidutsa kale, koma anamva hutala ikulira osalekeza kumbuyo kwawo, ndiye anabwerera kutsata kulirako. Ine sindikumbukira kuti ndinaliza hutala. Ndinali nditagwera pachiwongolero ndikuitana Yesu, osadziwa kuti chifuwa changa chikuikanikiza. Ndinatuluka m'chipindamo n'kukakhala m'galimoto, ndinalira mpaka mlonda anabwera kudzagogoda pagalasi.

Ndinapempha Mulungu kuti andichotsere munthu uja, ndipo ndinamukwiyira chifukwa sanatero. Akanandimvera monga ndinkafunira, bwenzi ana anga ataika m'manda phulusa. Sindikunena kuti ndazimvetsa zonse. Mpaka lero munthu akandigwira paphewa mondidzidzimutsa ndimalumpha, ndipo fungo la nyama yootcha limandithamangitsa pa phwando. Koma ndili moyo, ndipo ndikudziwa amene anandisunga.

Iwe amene ukuwerenga uli m'dziko louma lako, kaya ndi matenda, kaya ndi ntchito imene ikukuliza, kaya ndi pemphero limene likuoneka ngati lagwera pamwala, usaleke kuitana. Itana ngakhale mawu atatha. Ndipo mukagwada m'nyumba zanu, mukumbukireko alimi a kum'mawa kuja kuti mvula iwagwere chaka chino, komanso a Keith, amene akuphunzira kugwira supuni ndi zala zouma kuti azidyetsa mayi awo. Ulemerero wonse upite kwa Yesu amene anandimva m'utsi. Ameni.