Pulinta Yosankha ndi Msana

Pa boda ya Mwanza a Laston ali ndi kaofesi kolembera mapepala a katundu wowoloka. Tsikulo mathiraki atatu a mayi Hamisa, kasitomala wawo wamkulu, anali pamzere, ndipo mayiwo anali atanenetsa: ikakwana thwelofu mafomu kulibe, ntchito ipita kwa a Kinsley a khomo linalo.

Pakona pulinta inali kulavula mapepala. A Laston anaigula dzulo lake kwa dalaivala wochokera ku Joni. Zinalipo ziwiri. Ananyamula iyi, kunyamula iyo, n'kusankha yomwe inawathyola msana.

"Tamvani kulira kwake, alamu," anatero akuisisita. "Ya leza imeneyo, mtundu wamakono. Osati zidole zopepuka zija."

Mlamu wawo Maureen, kalaliki wa muofesimo, anadinda pepala lina n'kuliika pamulu.

"La fifite ili."

"Fifite? Mafomu ndi atatu."

"Munati chilichonse chotuluka umo ndidinde."

A Laston anatola limodzi. Pamwamba kamzere ka tizizindikiro tangati mapazi a nkhuku. Pansi ponse mbee.

"Chipwitikizi ichi. Yadzera ku Tete. Izolowera."

"Chipwitikizi ndimawerenga, alamu, mayi anga ndi a ku Zobue. Ichi ayi. Ndinaimbira Anne, mnzanga wokonza makompyuta ku Blantyre. Akuti kompyuta situmiza chithunzi cha pepala. Imatumiza malangizo: apa mzere, apa bokosi, apa dzina. Yathuyi ikutumiza malangizo a mtundu wa PostScript, pamene pulintayi imatsata a PCL okha. Ndiye m'malo mochita zomwe yauzidwa, ikungokopera malangizowo papepala."

"Anne ameneyo anainyamulapo?"

"Ayi."

"Ndiye akudziwa chiyani? Makilo twente awa."

"Za makilo sanafunse."

"Imenyeni pambali."

Maureen anaimenya pambali, kamodzi. Inalavula awiri. Anadinda onse.

"Siyani kudindako!"

"Chabwino. Nanga oyamba aja ndikawatenge?"

"Mukawatenge kuti?"

"Kwa mayi Hamisa. Munati zikangotuluka ndithamangire nazo."

A Laston anafufuza mpando ndi dzanja n'kukhala. Wotchi yapakhoma inali itatsala pang'ono kugwirizanitsa mivi yake.

"Anati chiyani?"

"Anawerenga awiri. Kenako anafunsa ngati kunyumba kuli bwino."

"Basi, basi. Anne wanuyo akuti titani?"

"Tiike m'kompyuta chimbale chomwe chinali m'katoni. Chimaiphunzitsa malangizo a PCL aja. Mphindi zisanu zokha."

A Laston anagubuduza katoni. Munagwa mapulasitiki ndi mphemvu imodzi ya ku Joni.

"Chitsiru chake ndani chataya chimbalecho?"

"Sichinataye. Chili kumbuyo kwa njinga yanu, alamu. Munati chiziwala kuti madalaivala azikuonani pamsewu."

"Kachotseni msanga."

"Munachiboola pawiri ndi msomali wamoto. Waya ndinakugwirirani ndine."

"Osanena bwanji?"

"Munati za makina n'za amuna."

A Laston anayang'ana kudenga. Pulinta inalavula lina. Maureen anayang'ana chidindo, nakhalira manja ake.

"Pitani mukawapemphe mayiwo adikireko. Muwauze kuti makina aakulu amachedwa kutentha."

Maureen anatuluka. Sanachedwe.

"Ali kwa a Kinsley, akumwa tiyi. Mafomu atuluka kale, onse atatu."

"Pa chiyani? Kinsley alibe pulinta."

"Ali nayo. Kopepuka munakana kaja. Akuti anabwera nako kukhwapa, dzanja linalo atanyamula manachesi."

"Kafa mawa kameneko. Muona."

"Mwina. Komatu a Kinsley akupempha muwabwereke yanuyi."

A Laston anadzuka. Anakonza kolala, nkhope n'kuwala.

"Mwaona, alamu? Wodziwa zinthu waizindikira."

"Eya. Akuti chitseko chawo chikuvuta ndi mphepo. Pakufunika cholemera."