Khadi Lomwe Linalowa mu Firiji Yanga

Ine, amene anthu amanditcha Mayi a Firiji, wazaka 41, ndimakhala kuseri kwa msika ndipo ndimagulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi. Shopu yanga inagundana ndi ya mlamu wanga, mng'ono wa amuna anga, yemwe amakonza ndi kumanga makompyuta. Chotilekanitsa ndi thabwa lokha, kotero zonse zokambidwa kwake ndimazimva ngakhale ndisakufuna.

Lolemba m'mawa kunabwera bambo wina amene anzake a magemu amamutcha Kaputeni. Ankafuna kompyuta ya magemu yoposa za anzake onse. Anabweretsa makhadi awiri, aja amathandiza kompyuta kuonetsa zithunzi, lililonse lalikulu ngati njerwa. Mlamu anayamba kunena kuti limodzi likwanira, koma Kaputeni atamutchula kuti injiniya, anavomera onse awiri. Mlamu wangayo ukamutcha injiniya akhoza kuvomera ngakhale kuika mawilo pa kompyuta.

M'mawa wonse anakangana za mafani ndi za mphamvu ya magetsi. Kaputeni anasankha kabokosi kakang'ono kagalasi koikamo zida zonse za kompyutayo, ati kamaoneka bwino pa chithunzi. Mlamu anati kasankhidwa mwanzeru.

Lachitatu masana anayatsa kompyuta ija koyamba. Ndinasuzumira. Makhadi aja anali atapanikizana moti chala sichikanalowa pakati. Mafani analira ngati chigayo, kenako kompyuta inazima yokha chifukwa cha kutentha. Mlamu anawoloka msewu kukafuna fani yaikulupo.

Atangochoka, Kaputeni anamasula khadi lapamwamba n'kubwera nalo kwa ine, akulisinthasintha m'manja. Anati, "Mayi, tandisungirani mufirijimu pang'ono, lipume." Ndinamuuza kuti firiji yanga ndi ya zakumwa. Iye anati ngakhale makampani akuluakulu amaziziritsa makompyuta awo. Anagula botolo limodzi kuti ndikhale chete, n'kuika yekha khadilo pakati pa mabotolo. Patapita ngati theka la ola analitulutsa. Linayamba kuchucha madzi ngati munthu wathukuta. Analipukuta ndi shati yake n'kukalibwezera m'bokosi.

Mlamu atabwera anamanga fani n'kuyatsa. Ndinamva kuthetheka, kenako fungo la waya wopsa. Mlamu anati mwina ndi magetsi. Kaputeni ankayang'ana kudenga. Sanatchule za firiji, ndipo ine ndinasiya kuti anene yekha, poti ndi munthu wamkulu. Ananyamula kompyuta yake n'kumapita.

Lachisanu ndinali kokaoda katundu. Pobwera ndinapeza shopu ya mlamu yotseka. Amuna anga anandiuza kuti wamangidwa. Kaputeni anakasuma kupolisi kuti mlamu anaba khadi lake latsopano n'kuikamo lakufa, ndipo umboni wake ndi woti khadi lomwe lili m'bokosimo lilibe sitika ya nambala imene linabwera nayo.

Lero m'mawa ndikutsegula shopu, Kaputeni anafika. Anandipempha kuti ndisatchule za firiji kwa aliyense, chifukwa anzake a magemu akazimva amuseka mpaka amuchotse ukaputeni. Ndinamufunsa ngati akudziwa komwe mlamu wanga wagona. Anayankha kuti, "Masiku awiri okha sapha munthu, mayi."

Atachoka ndinatulutsa mabotolo onse mu firiji. Sitika ija ndinaipeza itamatirira kunsi kwa botolo lina. Sindinaimatule. Ndabwera nalo botolo lomwelo, ndipo ndalipereka kwa wapolisi amene akulemba mawuwa. Nambala yake ikuwerengeka, mutha kuifananitsa ndi ya pa katoni ya khadilo.

Mlamu wanga sanabe kanthu. Khadi lomwe lili m'bokosimo ndi lomwe Kaputeni anabwera nalo, ndipo analipha yekha ine ndikuona. Ngati akana, mundiitane ndidzanene pamaso pake, anzake a magemu aja akhalepo.

Ndi zomwe ndikudziwa, sindinaonjezere kapena kuchotsapo.

Siginecha ya mboni: ____________________