Ndinachoka pabwalo osawerama

Abale ndi alongo, ambiri mumandidziwa ngati munthu wonyamula makatoni ku Coolock, muno mu Dublin. Koma ine ndinasewerapo besibo, masewera omenya mpira ndi ndodo, ku Japan, zaka zinayi, m'timu yaing'ono. Malo anga anali m'kati mwa bwalo. Mpira ukamenyedwa n'kumathamanga pansi, ntchito yanga inali kuuwakha n'kuuponya msanga. Manja anali abwino ndithu. Mutu ndiwo unakula.

Amene ananditenga ku Lilongwe anali aphunzitsi anga, a Sakata, bambo wachikulire wosakonda zolankhulalankhula. Anandisunga m'nyumba mwawo ngati mwana wobala okha.

Kumeneko kuli mwambo. Wosewera akamatuluka amavula chipewa n'kuweramira bwalo, kulithokoza. Phewa langa litavulala, timu inandiuza kuti sikundifunanso. A Sakata anandiperekeza mpaka m'mphepete mwa bwalo kuti ndiwerame komaliza, anzanga onse akuona. Ine ndinalavula pansi n'kumapita. Mumtima ndinkati mkuluyu sanandimenyere nkhondo.

Ndinabwera kuno ku Dublin kwa mlongo wanga. Ndinamwa mowa mpaka iye anatopa nane. Makalata a aphunzitsi ankafika, ine osatsegula. Zaka zisanu ndi chimodzi zinatha choncho.

Tsiku lina masana, ndikupuma kuntchito, mnzanga wa m'timu ija anaimba foni. A Sakata amwalira. Kenako anandiuza chimene sindinkadziwa. Nditachoka tsiku lija, iwo anagwada, n'kufufuta malovu anga ndi dzanja lawo. Atadzuka anawerama kawiri, kamodzi ka iwo, kamodzi ka ine.

Ndinakhala pansi pakati pa makatoni n'kulira mokweza. Manyazi anali atathawa.

Lamlungu lake mlongo wanga anachita kundikokera kutchalitchi kuno. Nditawafotokozera bambo mfumu, anapukusa mutu.

"Achimwene, ndiye simukuona? Alipo wina anaweramanso m'malo mwanu, kalekale, pamtanda. Inu mukadali busy kulavula."

Mawu amenewo anandilasa. Ndinagwada pomwepo, ndinapereka moyo wanga kwa Yesu. Mowa ndinausiya, ngakhale poyamba manja ankanjenjemera m'mawa uliwonse. Lero mlongo wanga amagona tulo. Ambuye alemekezeke, chifukwa anatola munthu wamwano ngati ine.

Koma ndisakunamizeni, mtima ukuwawabe. Mulungu anandikhululukira, izo ndikudziwa. Koma a Sakata anapita osamva pepani wanga, ndipo pansi pano sadzamumvanso.

N'chifukwa chake ndaima pano. Bwerani kwa Yesu lero, musachite kudikira maliro ngati ine. Ndipo ngati alipo amene munamulakwira, mukangotuluka muno muimbireni. Wanuyo akadali moyo, akhoza kuyankha.