Botolo Lomwe Linachiza Vihar

Palibe munthu woopsa kwa chiweto chodwala kuposa mwini wake wodziyesa wanzeru. M'mawa wa tsiku la Todor Woyera, pamene akavalo am'mudzi amathamanga mpikisano n'kudyetsedwa mkate wodalitsidwa, Nedyalka anapeza mwamuna wake Tsvyatko ali m'khola, mkate kumanja, akunyengerera Vihar, kavalo amene miyezi yapitayo ankagubuduka pansi ndi kupotokola kwa m'mimba.

"Mkatewo ayi," anatero Nedyalka. "Dokotala wa ziweto anati matumbo ake ndi otupa. Akadya za tirigu matenda abwerera."

"Dokotala wako uja wa nsapato zoyera? Tamuona kavaloyu mmene akunyezimira. Wamuchiza ndani?"

"Botolo."

"Ehe, wavomera wekha." Tsvyatko analoza botolo lobiriwira pakhoma. "Rakiya, kachasu wa bambo anga. M'mawa uliwonse ndimamuthira kukhosi. Mapiritsi aja ndinakaniratu."

"Munakanadi."

"Ndiye lero athamanga, adyanso mkate. Dokotalayo ukamuuze za botololi, achite manyazi."

"Akulidziwa. Anati tipitirize."

Tsvyatko anatukula chifuwa. "Ophunzira agwada! Anatinso chiyani?"

"Anati m'kamwa mwa Vihar muzilowa udzu wouma, madzi ndi mankhwala basi."

"Nanga rakiya si mankhwala?"

"Pa zitatuzo sanaitchule."

"Iwe Nedyalka, ukuti botolo linachiza, ukutinso rakiya sanaitchule. Uli mbali iti?"

"Mbali ya botolo. Rakiya ndinaikhuthulira mu mtsuko wa kukhitchini. M'botolomo ndimathiramo madzi ndi mapiritsi osinja. Ine Vihar amandikana, koma inu amakutsegulirani kukamwa."

Mkate unatsika pang'ono. Nedyalka anayang'ana nkhope ya mwamuna amene anakhala naye zaka zambiri osamumvapo akunena kuti ndalakwa, ndipo sanayembekeze kumva lero.

"Bodza. Ndimalawa kaye ndisanamupatse. Imaluma pakhosi."

"Mapiritsi a kavalo amawawa."

"Ndinauza anthu kutchalitchi kuti ya chaka chino ndi yaukali kuposa zonse."

"Ndinamva."

"Ndimatuluka muno ndikuyimba!"

"Zimenezo ndinafunsa dokotala. Anati mankhwalawo sayimbitsa."

"Bwanji sunandiuze?"

"Munati ndisadzatchulenso za mapiritsi m'nyumba mwanu. Sindinatchule. Muno ndi m'khola."

Kunja akavalo a anzawo ankadutsa, michira yolukidwa, mabelu akulira. Vihar anatambasula khosi kununkhiza mkate. Tsvyatko anabweza dzanja msanga, chifukwa ngakhale wamakani amakumbukira tsiku limene chiweto chake chinadzimenya pansi thukuta lili kamukamu. Anavula kavaloyo chishalo, kenaka anadzigwira pamimba.

"Mkate wodalitsidwa satayidwa," anang'ung'udza. "Koma poti inenso ndamwa mankhwalawo, kodi ukundiletsa ine?"

"Idyani," anatero Nedyalka, akutola botolo kuti akalidzazenso. "Za inu dokotala sananene kanthu. Iye amachiza nyama zomva."