Mbiri ya a Eusébio Gaspar, amene anafera buku la munthu wa kunyenyezi

Malemu a Eusébio Gaspar anabadwa m'chaka cha 1946 m'mudzi muno, kufupi ndi Ntengo-Wambalame. Ine amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mng'ono wawo, Lourenço.

Shikola anaphunzira kwa ansembe, ndipo atamaliza anatumizidwa ku Furancungo kukaphunzitsa. Kumeneko anamanga ukwati woyera ndi mayi Benvinda m'chaka cha 1967. Mu mpingo wa Katolika anali katekisita.

Nkhondo itakula, shikola yawo inatenthedwa mu 1985. Anabwerera kuno wapansi, mwana ali paphewa, buku limodzi lili m'thumba. Tonse tinkadziwa kuti mphunzitsi wa boma akagwidwa ndi anthu a mfuti a m'tchire sapulumuka, choncho mudzi wonse unapangana kuwatchula mlimi wa mbatata.

Bukulo linali lachipwitikizi, nthano ya mwamuna wobiriwira khungu wochokera kunyenyezi amene anakonda mkazi wa padziko pano. Lamulungu masana ankatiwerengera akumasulira m'Chichewa. Azibambo ankaseka, ati chilombo chotere chingalime bwanji munda wa apongozi. Azimayi ankalira, ena mpaka kupsereza ndiwo. Akuluampingo ena anati ndi zaziwanda, koma tinkawaona kuseri kwa nkhokwe atatchera khutu. Kwa kanthawi tinkaiwala kulira kwa mfuti.

Tsiku lina Zefa, mwana wa mlongo wathu, ananena moseka kuti wa kunyenyeziyo amadziwa kukonda kuposa amuna a kuno, poti sanamenyepo mkazi wake. Tonse tinaseka, kupatula mwamuna wake Orlando, mkamwini wathu. Iye anapita kwa anthu a mfuti aja n'kukawauza kuti muno muli mphunzitsi amene amaitana ndege za boma ndi buku lake. Bodza lamkunkhuniza! Anabwera, anatentha bukulo, ndipo anawamenya achimwene pamaso pa ana awo. Kuyambira pamenepo ankalavula magazi. Kuchipatala sitikanafika, njira ili ndi mabomba okwirira. Anatisiya dzana, chaka chino cha 1987.

Akuluakulu anandilangiza kuti pamanda satchula munthu. Ndawamva, koma ndakana. Mtima ukundiwawa ndipo sindikhululuka. A Orlando, ndikukuonani mwaima pakati pa adzukulu okumba manda, khasu lili m'manja. Liikeni pansi, dothi la manda awa musalikhudze. Malemuwa ndiwo anali mwinimbumba, ndiwo anakulozerani pomanga nyumba ndi munda wolima. Lero mbumba ili m'manja mwanga. Zefa wakutulutsirani kale mphasa ndi nkhwangwa yanu pabwalo. Dzuwa lisanalowe mukhale mutachoka. Midzi yonse mpaka ku Chidzolomondo yamva zimene munachita, palibe amene adzakutsegulireni chitseko. Kapempheni malo kwa anzanu a mfuti aja, mukaone ngati amasunga mkamwini.

Malemu asiya mkazi wawo mayi Benvinda; ana anayi, Domingas, Agostinho, Felismina ndi Sofia; zidzukulu ziwiri; mlongo wawo Ermelinda; ine mng'ono wawo; ndi Zefa, amene kuyambira lero alibe mwamuna.

Achimwene athu apumule mu mtendere. Amene anawaperekayo, mtenderewo asauone.